Mkamwini Amene Anapempha Masamba

Misangu ya m'munda mwanga yayamba kuyoyola masamba, ndiye kuti chaka chakwana chimwalirire bambo aakulu a Mbewe. Mitengo ina yonse kuno kwa Maganga ikuphuka chifukwa yamva fungo la mvula, koma msangu ndi mtengo wamakani: inzake ikamavala, iwo umavula. Bambo aakulu ankati n'chifukwa chake ankamvana nawo.

Sabata yatha kunabwera asuweni anga awiri, ana a malume a Yotamu, amene amawamba nsomba ku Senga Bay. Tinapatsana moni, anafunsa za ana, anadandaula za kutentha, mpaka wamkuluyo anafika pa chimene anadzera.

"Asuweni, nkhuni zavuta kunyanjaku. Mitengo ija paja munkasungira madala aja. Nanga poti eni ake anatsogola, ikudikira ndani?"

Ndinati ndamva, ndidzawayankha. Yankho ndinali nalo kale, ndipo silitalika. Koma ndaona kuti ndiyambe ndafotokoza za munthuyo, chifukwa anyamatawa akayang'ana m'mundamo akungoona mitolo ya nkhuni basi.

A Mbewe sanali a kuno. Anachokera kumapiri a ku Dowa ali mnyamata, kudzafuna ganyu ya usodzi, koma nyanja inawakana. Mwera ukangoyamba, iwo ndi amene ankayambirira kusanza m'bwato, mpaka eni ukonde anawauza mwaulemu kuti akayese za kumtunda. Chimene anapha kunyanja ndi mkazi basi: a Nankhoma, akulu awo a amayi anga. Anakwatira, nakhala pachikamwini, ndipo anawalozera munda umene aliyense ankaukana, mchenga mbuu, woti ngakhale chinangwa chinkatuluka ngati zala. Chabwino chimene chinalimo ndi msangu umodzi waukulu pakati pake. Ana awiri amene anabereka sanakule, choncho ife ana a mng'ono wa a Nankhoma ndiye tinali ana awo.

Kwathu kuno mkamwini sabzala mitengo. Palibe amene amaletsa ndi pakamwa, koma aliyense amadziwa chifukwa chake. Munda ndi wa mkazi ndi mbumba yake. Banja likatha, kapena mkazi akamwalira, mwamuna amasudzulidwa, n'kunyamula kathumba kake kubwerera kwawo. Ndiye munthu wanzeru amabzala zoti akolole chaka chomwecho. A Mbewe ankazidziwa zonsezi. Koma anaona kuti chimanga cha pansi pa msangu waukulu uja chinkabiriwira pamene china chonse chili chikasu, ndipo chiyambire pamenepo kamsangu kalikonse komera kokha m'mundamo kanasanduka mwana wawo. Ankakazikira timitengo n'kukakulunga ndi ukonde wakutha wotola kugombe kuti mbuzi zisakadye. Munthu wodutsa ankayesa kuti m'munda monsemo atchera misampha.

Dzina loti a Mbewe linkamveka kutchalitchi ndi pachibale pokha. Kwina konse anali a Zinyalala. Njinga yawo sinkayenda yopanda thumba kumbuyo. Ankakwawira pansi pa mathandala oyanikapo usipa kukasesa timitu ndi mamba, ankavuula namasupuni amene mafunde ataya pagombe, ankapempha makoko a mtedza ndi ndowe za mbuzi m'makomo mwa anthu. Kumsika wa ku Salima amayi ogulitsa ndiwo zamasamba akangowaona ankakuwa, "A Zinyalala, katundu wanu uyu!" Iwo n'kuvula chipewa, kuthokoza ngati apatsidwa nkhuku. Za fungo lake musafunse. Mayi aakulu ankawabweza kukasamba kawiri Lamulungu lililonse, komabe pabenchi yawo m'tchalitchi sipankakhala pothina.

Anali munthu wofatsa, wosatha kukalipira ngakhale galu. Koma akaona utsi wa mapesi m'minda ya anthu nthawi yososa, ankasanduka munthu wina. Ankati umenewo ndi munda ukuthawa mwini wake akuonerera. Ukafunsa kuti munda ungathawe bwanji, wadziputira wekha. Ankakugwira pamkono kupita nawe pa msangu waukulu uja.

"Taona thunthu ili. Likanakhala kuti linapangidwa ndi dothi, bwenzi pansi apa pali chidzenje. Chili kuti chidzenjecho?"

Ankati thupi la mtengo, la chimanga, ngakhale la udzu, zambiri zake zimachokera mumpweya. Tsamba limakoka mpweyawo dzuwa likamawala n'kuuumba kukhala nkhuni ndi mapesi. Tsambalo likagwa, tizilombo ta m'nthaka timalidya. Gawo lina timalipumira kumwamba komwe linachokera, gawo lina limatsala pansi, ndipo limeneli ndi lija limadetsa dothi. Koma ukatentha, zonse zimabwerera kumwamba masana amodzi, iwe n'kutsala ndi kaphulusa koti mphepo ikaulutsa usanabzale n'komwe. Anyamata osaka mbewa ankawadziwa bwino. Minda ina ankayatsa mosafunsa, koma wa a Zinyalala ankaulambalala, osati chifukwa choopa kumenyedwa, koma poopa kuimitsidwa padzuwa n'kuphunzitsidwa za thunthu.

Nthawi ya bowa, ife akazi tikamapita kunkhalango ya kuphiri la Senga, iwo ankatitsatira amvekere akutiteteza ku anyani. Bodza. Ankafuna anthu oti awagwaditse. Tikangolowa pamitengo yowirira ankagwada n'kuyamba kufukula ndi zala. Pamwamba masamba ouma a chaka chino. Pansi pake a chaka chatha, onyowa, odyekadyeka, okhala ndi timaulusi toyera. Pansi pa amenewo sungazindikirenso tsamba, dothi lokhalokha lakuda bii, lozizira, bongololo ndi nyongolotsi zili balala. Ankatapa dothilo n'kukuika pamphuno, ufune usafune.

"Pano anathira feteleza ndani? Nanga mitengo yanenepa bwanji?"

Ankati nkhalango simataya kanthu, imadya zomwe yagwetsa. Chimene iwo ankafuna ndi choti munda wa mchenga uja uphunzire khalidwe limeneli.

Musaganize kuti zonse ankazidziwa chibadwire. Chaka china, mayi aakulu adakali ndi mphamvu, a Mbewe anachita chinthu chimene anthu akuchisekabe mpaka lero. Anaganiza kuti ngati kukwirira zinyalala n'kwabwino, kukwirira zambiri n'kwabwino koposa. Anatuta mankhusu a mpunga kuchigayo, anatuta utuchi kwa akalipentala, anaphatikiza mapesi ouma, zonse n'kuzikwirira m'mizere mvula ili pafupi. Ankayenda monyada ngati tambala. Chimanga chinamera bwino, koma chitafika m'mawondo chinasanduka chikasu munda wonse, kupatula cha pansi pa misangu. Malume a Yotamu ankadutsa dala njira ya kumundako kuti akafunse ngati alamu awo ayamba kulima maluwa.

Amene anawamasulira anali mlangizi wa zaulimi wa nthawi imeneyo, mayi wina wamfupi woyenda pa njinga yamoto. Anafukula mzere umodzi, napeza utuchi uli chikhalire.

"Bambo, kukwirira mwachita bwino. Koma alendo anu mwawapatsa nsima yopanda ndiwo."

Anafotokoza kuti zouma ngati utuchi ndi mankhusu zadzaza ndi chimene ophunzira amachitcha kaboni, chija a Mbewe ankati chimachokera mumpweya. Koma tizilombo toolesa sitingadye kaboni yekha. Timafunanso nayitirojeni, chakudya chomwecho chimene chimabiriwitsa chimanga. Tikamusowa m'zoumazo, timalanda yense amene ali m'nthaka, chimanga n'kutsala ndi njala. Tikafa timamubweza, koma nthawi ya chimanga itadutsa kale. Kenako mayiyo anazula phata la mtedza m'munda woyandikana nawo n'kuwaonetsa timibulu ta pamizu. Anati m'menemo mumakhala tizilombo tina timene timatapa nayitirojeni mumpweya n'kumupereka kwa mbewu, ndipo mtedza, nandolo ndi msangu ndi pachibale pa ntchito imeneyi. N'chifukwa chake masamba a msangu ndi ndiwo zenizeni za nthaka.

Chaka chimenecho banja la a Mbewe linadyera m'nkhokwe ya amayi anga. Wina akanasiya pomwepo. Iwo anapita kukapempha mbewu ya gilisidiya, mtengo wina wa pachibale chomwecho, kwa mlangizi uja, nabzala mizere pakati pa chimanga, nandolo m'mphepete. Kuyambira pamenepo zouma sankazikwirira zokha: ankayala zouma, pamwamba masamba aawisi, pamwamba timitu ta usipa, n'kudikira ziole kaye. Nkhani ya kulakwitsa kwawo ankaifotokoza okha kwa aliyense, ndi kuseka komwe, amvekere safunsa anadya phula. Anatengeranso chizolowezi china chotopetsa. Ukamayenda nawo m'munda ankangozula nandolo n'kuphwanya kambulu ka pamizu ndi chikhadabo. Kakakhala kofiirira mkati ankamwetulira, ati anyamata ali pantchito. Kakakhala kotuwa ankapukusa mutu ngati amva za maliro.

Feteleza sankamukana, monga ena ankawanamizira. Akamupeza ankathira. Chimene ankanena n'choti kuthira feteleza mumchenga wopanda kanthu kuli ngati kutunga madzi ndi dengu: mvula ikagwa yamphamvu amatsikira pansi kumene mizu ya chimanga sifika. Dothi lakuda ndi limene limagwira, madzi ndi chakudya chomwe. Ndipo zimene zatsikira pansizo, ankati mizu yaitali ya msangu imakazitenga n'kudzazibweza pamwamba kudzera m'masamba.

Mkangano wa tsiku ndi tsiku unali wa minga. Msangu uli ndi minga yoyera, yolunjika, yosadziwa chibale. Nthawi yopalira, mayi aakulu ankakuwa munda wonse kumva.

"Inu a Mbewe, anzanu amabweretsera akazi awo nsalu, inu mwandibzalira minga!"

"Walira mvula walira matope, a Nankhoma."

"Mvula yakeyo ndinailira ndine?"

Kenako ankakhala pansi pa msangu waukulu, mayi aakulu atatambasula mwendo, bambo aakulu akuzula munga ndi pini imene inkakhala pakolala ya malaya awo chaka chonse. Ankazula pang'onopang'ono kuposa mmene zinkafunikira. Amayi anga nawonso ankadana ndi minga imeneyi kwambiri, moti akapita kukathandiza akulu awo ankabwerako akutukwana mtundu wonse wa ku Dowa.

Mkangano weniweni unali ndi malume a Yotamu, amene anali mwinimbumba wathu. Malume sanali munthu woipa. Anali munthu wa kunyanja, wozolowera kuti chimene wagwira lero udye lero, ndipo akaona thunthu lalikulu ankaona bwato. Paukwati, pamaliro, paliponse akakumana ankawaponyera mawu omwewo.

"Alamu, mlendo ndi mame. Mitengo yonseyi mukubzalira ndani?"

A Mbewe ankangoseka, amvekere mame omwewo amanyowetsako udzu asanakamuke.

Tsiku limene mawu a malume anakwanira linafika mayi aakulu atamwalira. Anadwala nthawi yaitali, ndipo a Mbewe anawasamalira okha mpaka kuwachapira. Maliro atatha, nthawi ya kulira itadutsa, akuluakulu a kwathu anaitanitsa ankhoswe a ku Dowa kuti adzachite mwambo wosudzula. Ine ndinalipo, ndili ndi mwana kumsana. Tinakhala pabwalo la nyumba ya malemuwo, amuna pamipando, ife akazi pamphasa. Malume ndi amene anayankhula.

"A Mbewe, mlongo wathu munamusunga bwino mpaka mwamuika m'manda. Ife tilibe nanu mlandu. Lero takumasulani, mukhoza kubwerera kwanu, mukhoza kukwatira kwina. Njinga ndi yanu, mbuzi tigawana. Ngati pali china, nenani pano anthu akumva."

Bambo aakulu anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Zikomo alamu. Mwambo ndikuudziwa, ndipo sindikuutsutsa. Mbuzi zikhale. Munda ndi wanu. Mitengo ndi yanu, sindinabwere nayo kuchokera ku Dowa. Ine ndikupempha masamba."

Wina kumbuyo anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

"Ndikutanthauza kuti masamba azigwa pomwe amagwa, aziolera pomwepo. Nkhwangwa isalowe, moto usalowe. Ndipo mundilole ndizibwera kudzaona. Sindidzathyola ngakhale chimanga chimodzi. Dothi lija linali loyera, pano lada kufika m'chigongono. Mukadula n'kutentha, zaka zochepa zokha liyeranso. Chimene chinanditengera unyamata wanga wonse chipita ngati utsi."

Ankhoswe a ku Dowa anayang'ana pansi ndi manyazi, chifukwa munthu wawo akanayenera kupempha mbuzi ngati anthu ena. Malume anakwiya. Anati munthu wosudzulidwa salamula za m'munda wa eni. Anati ana awo akufuna bwato, ndipo msangu waukulu uja anawalonjeza kale amisiri osema. Ina yotsalayo, anati, ndi nkhuni zabwino zowambira kampango. Tonse tinkadziwa kuti mwa mwambo malume sanalakwitse mawu.

Amene anayankhula ndi amayi anga, mdani wamkulu wa minga uja. Sanaimirire, sanakweze mawu.

"Achimwene, munda umenewu mumaudziwa bwino, paja ndinu munayamba kuukana. Chaka chimene mvula inadula pakati, minda yathu yonse itapsa, tinadya chimanga cha kuti? Ana anu akufuna bwatowo anakulira chimanga cha pansi pa minga imeneyi. Munda ndi wa ife akazi. Inu ntchito yanu ndi kutiyang'anira, osati kutigwetsera."

Kenako anatembenukira kwa ine. Anati popeza akulu awo sanasiye mwana wamkazi, mundawo akuupereka kwa ine, ndinene maganizo anga. Ndinati ndaulandira, pamodzi ndi mwini masamba.

Sitinapambane zonse. Msangu waukulu malume anakana kubweza mawu, ati munthu wamkulu sanganamize amisiri, ndipo akuluakulu anawavomereza. Ina yonse inapulumuka.

Tsiku logwetsa mtengowo tinkayesa kuti bambo aakulu adzitsekera m'nyumba. Anali woyamba kufika, chingwe chili paphewa. Anayendayenda, kuyang'ana mphepo, n'kuwauza amisiri mbali yoti ugwere kuti usaphwanye timisangu tating'ono. Anakoka nawo chingwe. Utagwa, nthaka inagwedezeka, ine misozi inatsika osaifuna. Iwo sanalire. Anangopempha kuti chitsa achisiye chachitali kufika m'mawondo, ndipo asachitenthe. Masiku onse amene amisiri ankasema, iwo ankabwera ndi thumba kudzatola tizidutswa timene tinkagwa, n'kumatiunjika ndi masamba aawisi a gilisidiya. Mmisiri wina anawafunsa ngati mtima sukuwapweteka. Anayankha kuti ukupweteka kwambiri, koma kupwetekako sikungaoletse zinyalala, ndi bwino manja azigwira ntchito.

Ku Dowa sanabwerere. Anati kumeneko amene ankawadziwa ali kumanda. Mnzawo wakale, Che Saidi, wosoka maukonde ku Senga Bay, anawapatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yake. Mmodzi ankapita kumzikiti Lachisanu, wina kutchalitchi Lamulungu, masiku enawo ankasokera limodzi maukonde n'kumakangana za mvula. Che Saidi ankati, "Wallahi, munthu uyu ndikamupatsa nsomba amayamba wafunsa za mamba." Maukonde osatheka kusokanso onse ankathera kumunda kwanga.

M'mawa uliwonse njinga inkatulukira, thumba kumbuyo. Ankafika ngati mlendo weniweni, kuodira pamalire, "Odi kumunda kuno!" ngakhale mulibe munthu. Lonjezo lawo analisunga mopitirira muyeso. Chimanga chachiwisi ndikawapatsa ankalandira, koma kuthyola okha sanayerekeze. Ankadulira gilisidiya, kumanga maukonde, kulambula m'malire kuti moto wa kwa anzathu usalumphe. Akatopa ankasesa masamba pachitsa chija ndi chipewa n'kukhalapo. Mwamuna wanga poyamba ankadandaula kuti munda uli ndi akapitawo awiri, koma ataona nkhokwe anasiya.

Bwato la malume linagwira ntchito zaka zingapo, kenako linayamba kulowa madzi. Analimata ndi phula, kulikhoma malata, mpaka linakanika, analikokera kumtunda n'kulisiya. Linakhala pamenepo dzuwa ndi mvula, ana akuseweramo, mpaka linafumbwa. Tsiku lina anthu a pagombe anaona a Zinyalala, tsopano atakalamba, msana utapindika, akuphwanya zofumbwazo ndi kankhwangwa n'kumalonga m'thumba. Anapita kaye kwa malume kukapempha. Malume anawayang'ana n'kuwafunsa.

"Alamu, inu simutopa?"

"Ndikungoperekeza mnzanga kwawo. Wakhalitsa kunyanja, ngati ine."

Anatuta bwato lonselo pa njinga, thumba limodzilimodzi, kwa milungu ingapo. Analiyala mozungulira chitsa chake, nalifunditsa masamba aawisi. Malume kuyambira tsiku limenelo mawu a mame aja sanawatchulenso.

Chaka chatha, mvula yoyamba itangogwa, njinga sinatulukire. Che Saidi anatumiza uthenga kuti mnzake chifuwa chamugwira. Tinawatengera kuchipatala ku Salima, koma sanakhalitse. Mawu omveka amene anandiuza komaliza anali ondikumbutsa kuti ukonde wa pa kamsangu ka pafupi ndi chitsa wayamba kuthina, ndikaumasule.

Abale awo a ku Dowa, adzukulu a alongo awo amene ambiri sanawaonepo ali moyo, anabwera ndi lole kudzatenga thupi. Ife tinkafuna agone kuno, pafupi ndi a Nankhoma. Ndipo amene anaimirira kuwapempha, atatsamira ndodo, anali malume a Yotamu.

"Munthuyu ndi wathu. Unyamata wake, ukalamba wake, zonse zathera pano. Tisiyireni timuike tokha."

Wamkulu wa a ku Dowa anayankha mwaulemu, mosakweza mawu.

"Pepani bambo. Paja munamusudzula nokha."

Malume anakhala pansi. Mwambo unali womwewo umene iwo anauimirira tsiku lija. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Munthu amene anatha moyo wake wonse akupempha kuti chilichonse chiolere pomwe chinakulira, iye yekha anakagona kutali, m'dothi lofiira, louma gwa, limene silinamudyetsepo chikulire. Ndinakwera nawo lole ija. Pangodya ya chitenje ndinamangapo dothi lakuda lodzaza dzanja, lochokera pansi pa misangu, ndipo nthawi yoponya dothi m'manda ndinaponya limenelo. Ndikudziwa kuti akanandiona akanandikalipira chifukwa chotulutsa chonde m'munda.

Asuweni anga ndawayankha dzulo. Ndawauza kuti nthambi za gilisidiya zimene timadulira chaka chilichonse akhoza kumadzatenga, masamba atapululira m'munda, ndipo mbewu yake ndiwapatsa akabzale kwawo, pakatha zaka zochepa adzakhala ndi nkhuni zawozawo. Koma msangu, ngakhale umodzi, ayi. Wamng'onoyo anati lonjezo linali la munthu wamoyo. Ndinamuuza kuti pabwalo paja amene analandira munda ndine, ndipo ine ndikadapuma. Anachoka osatsanzika bwino. Adzabweranso, ndikudziwa, ndipo adzandipeza.

Lero m'mawa ndinapita kumundako. Chitsa chija chafupika. Chiswe chadya mkati, m'mbali mwamera tibowa, ndipo ukakanikiza chala pamwamba chimalowa. Pomwe anayala bwato sipakuonekanso thabwa, pali dothi lofewa lakuda, lonunkhira ngati la kuphiri la Senga. Kamsangu kaja ndinakamasula, kandipitirira kale msinkhu, ndipo minga yake yandilasa kale kawiri. Pamalire pomwe ankaimika njinga udzu wamera, njira yawo ikutsekeka. Ndinaima kanthawi ngati ndimva odi.

Mphepo itawomba, timasamba tinayoyoka kuchokera m'misangu yonse, tina n'kugwera pachitsapo, pamwamba pa tinzake ta dzulo ndi dzana. Palibenso wotisesa ndi chipewa kuti akhale. Ndinatambasula dzanja kuti ndisese, kenako ndinalibweza. Tiolere pomwepo.